Michira ya Mayina

M'mawa uliwonse, ndisananyamule anthu olipira,
ndimanyamula Asiyatu ulere.
Amakhala pa kaliyala, kope lili chitsegulire pamaondo,
chipumi chake chikugunda msana wanga
pa dzenje lililonse
kuchokera kutsidya kwa Shire mpaka ku boma.

Sabata ino wabwera ndi maudindo a ku Mangalande.
Pulinsi, pulinsesi.
Dyuki, datchesi.
Kawunti, kawuntesi.
Akuwatchula ngati akusankha miyala mu mpunga,
limodzi limodzi, osamwetulira,
pakuti mayeso a Sitandade eyiti sadziwa nthabwala.

Ndinafunsa, ndikulimbana ndi chitunda cha pa mlatho:
"Anthu amenewa amalima chiyani?"
"Salima, ababa. Amangobadwa."
"Nanga esi, esi ameneyu ndi ndani?"
"Ndi wa akazi.
Mumatenga dzina la mwamuna
n'kulumikiza kamchira kumapeto."

Ndinaseka mpaka njinga inadzandira.
Munthu wamkulu ndithu, wa nyumba yake,
kumuika mchira ngati buluzi!
Kuno, ndinatero, ulemu wa mkazi umatsogola
ngati nyali ya njinga.
Amayi ako ndi Abiti Mdoka:
Abiti ayambe walowa pakhomo,
dzina la agogo ako libwere pambuyo litavula nsapato.
Uja wa zitumbuwa pa depoti ndi Nambewe,
Na wake ali kumaso, sabisika.
Ndipo mfumu ndi mfumu basi,
kaya yavala kofiya, kaya yamanga mpango.

Ndinalankhula ngati munthu wa digiri,
ine amene sukulu inandithera Sitandade folo.

Tinafika pa nsanja ya wotchi, ya njerwa ija,
imene azungu anamangira mayi wa kwawo
amene sanapondepo fumbi la Mangochi.
Asiyatu anandikoka malaya.
"Ameneyu m'Chichewa timati ndani?"
"Mfumukazi."
"Tchulaninso pang'onopang'ono."

Mfumu.
Kazi.

Tcheni sichinaduke, koma ndinaleka kupalasa.
Mchira uja unali m'kamwa mwanga momwemu,
zaka makumi anayi ndikuutafuna
osamva ubweya wake.

"Komanso kwini alibe mchira, ababa.
Lake ndi lakelake, sanabwereke kwa king'i."
Anatembenuza tsamba, mphepo ikulimbana naye.
"Pali limodzi limene mwamuna ndiye amalumikizidwa:
wido, widowa.
Mchira wake amalandira pobwera kumanda."

Apo sitinaseke.
Minibasi ya ku Namwera inatiwuzira utsi,
ndinatsokomola nthawi yaitali kuposa mmene utsiwo unafunira.

Pa geti la sukulu anatsika,
n'kukonza hijabu, n'kundiwerengera otsala ndi zala:
lodi ndi ledi, baroni ndi baronesi,
ndi wina amene ngakhale aphunzitsi amamutchula mokayika.
Sanatembenuke.
Ana a mayeso satembenuka.

Pobwerera, pafupi ndi msika,
mayi wina anandiimitsa ali ndi thumba la makala.
"Kwerani, dona," ndinatero, poyesa ulemu watsopano.
Anandiyang'ana kuyambira kofiya mpaka patapata.
"Dona amasenza makala?
Mangani thumbali, bwana, dzuwa likukwera."
Tinaseka tonse awiri,
bwana wa matayala opachika zigamba
ndi dona wakuda zikhatho.

Tsopano ndikupalasa, makala akulira kumbuyo,
ndipo miyendo yagwira kale kayendedwe kake:
dyuki, datchesi, dyuki, datchesi,
phazi lamanja, phazi lamanzere,
lina likatsika lina likwera,
palibe limene lingafike lokha kwa Mponda.

Mwana uja akuti adzakhala dokotala wa maso.
Ndalitembenuza dzinalo tsiku lonse,
ndalisuzumira kutsogolo, ndalisuzumira kumbuyo.
Sindinapezepo polumikiza kanthu.
Madzulo ndikamufunsa ngati Chingerezi
nacho chinalisiya choncho.